Ndabwerera kwathu ku Mangochi, koma kukhala pakhomo kukundikanika

Make Tadala:
Amayi anzanga, mwaswera bwanji? Nthawi zonse ndimangowerenga za anzanga, lero ndati nanenso nditule wanga. Ndinkagwira ntchito ku Limbe, pa shopu ina ya zipangizo zomangira nyumba, yolemba malisiti ndi kuwerengera katundu. Nditachira mwana wachiwiriyu tchuthi chinatha iye asanalimbe n'khosi lomwe, mtsikana wantchito naye anali atapita kumudzi osabwerako. Tinagwirizana ndi bambo akunyumba kuti ndisiye kaye. Posakhalitsa iwo anawasamutsira kuno, ndiye tinapeza nyumba ya lendi kwa Mpondas, kufupi ndi kwa mayi anga, koyenda wapansi.

Aliyense ankati ndachita mwayi, ndipo sindikukana. Mayi amabwera m'mamawa kudzasambitsa khanda, achemwali amanditengera Tadala ndikafuna kupita kumsika, ndiwo sizisowa poti amalume ali ndi boti ku Malindi. Koma mtima wanga suli m'malo. Pakhomo sipachoka anthu. Banja ndi la anthu 4, nsima ndimaphika ya anthu 8. Ufa womwe ku Limbe unkatifikitsa kumapeto kwa mwezi, kuno pakati pomwe watha. Mwana ndi wanga koma zochita naye akulamula ndi ena. Chondiwawa kwambiri n'choti ine amene ndinkalandira yangayanga, lero ndikupempha ya sopo, ya mayunitsi, ya kabaza. Bambo sakana ayi, koma pakamwa pamandilemera. Madzulo ena ndimangopezeka ndikulira kubafa. Kodi zimenezi zimatha? Amene munadutsamo munatani?

Abiti Saidi:
Mwana wanga, ine ndiyankhula mosapsatira. Mukulira chiyani kwenikweni? Anzanu ali ku Makanjira uko amuna awo anapita ku Joni kalekale, ndalama imabwera mwa apo ndi apo, mwana akatentha thupi usiku amamubereka okha mpaka kuchipatala. Inu mayi alipo, mwamuna akugona m'nyumba, nsomba zikubwera zaulere. Thokozani Mulungu mupukute misozi.

Mayi a Yankho:
Abiti Saidi, musatero. Wina akathyoka mwendo ndiye kuti wa dzino lobooka asabuule? Make Tadala, zimene mukunenazo ine ndikuzidziwa. Ndinali mphunzitsi pa sukulu ina yapulayiveti ku Zomba, tinasamukira ku Namwera kwawo kwa abambo. Anthu samvetsa kuti munthu ukhoza kusungulumwa pakhomo podzaza anthu. Tsiku lonse ukumva mawu, koma palibe amene akukufunsa kuti iwe ukuganiza chiyani. Nkhani zake ndi za mwana wanyera kangati, za maliro a kwa uje, za mtengo wa feteleza. Kuntchito kuja ngakhale kunali kotopetsa, unkasamba m'mawa, kuvala, kutuluka, anthu n'kumakuitana madamu. Kuno chitenje chomwecho kuyambira kum'banda kucha mpaka dzuwa kulowa, ndipo ukadzola milomo amakufunsa kuti ukupita kuti. Zimachepa, koma sizichepa zokha.

Nambewe (woyang'anira gulu):
Tiyeni tiyankhulane mwaulemu amayi. Munthu akatula nkhawa pano tisamuweruze. Pitirizani.

Abiti Saidi:
Sindinamuweruze ine. Ndangomukumbutsa.

Nachisale:
Make Tadala, ine ndimagwira ntchito ya unamwino, ndiye khutu langa laima pamene mwati zochita ndi mwana akulamula ndi ena. Akuchita naye zotani? Ndipo ali ndi miyezi ingati?

Make Tadala:
Wakwanitsa miyezi 4. Mayi amati ndi kutentha kwa Okutobala kuno mwana sangakhale osamwa madzi, ndiye ndikangotembenuka amamumwetsa ndi kasupuni. Azakhali nawo akuti akulira usiku chifukwa mkaka wanga ndi wamadzimadzi, tiyambe kumupatsa dawale. Dzana ndinapeza amupaka zinthu zakuda paliwombo. Nditafunsa anati, "Iwe unakula ndi chiyani?" Ndinangoti kukamwa yasa.

Nachisale:
Apa pokha musagonje, zina zonsezo mukhoza kunyengererana. Mwana osakwana miyezi 6 ayamwe bere lokha, osampatsa madzi, phala, tiyi kapena mzuwula. Mkaka wa m'mawere mbali yake yaikulu ndi madzi kale, ndiye kukatentha chofunika ndi kumuyamwitsa pafupipafupi, inuyo n'kumamwa madzi ambiri. Mkaka woyamba kutuluka umaoneka wopyapyala, umenewo ndi wothetsa ludzu, wamafuta umabwera kumapeto. N'chifukwa chake timati mwana amalize bere limodzi asanapite ku linalo. Mukamam'patsa madzi, kamimba kake kamadzaza, amayamwa pang'ono, mkaka n'kuyambadi kuchepa, azakhali aja n'kumati mwaona tinanena. Komanso madzi ndi supuni ndi zimene zimabweretsa kutsekula m'mimba. Tonse tikukumbukira mmene kolera ya 2022 mpaka 2023 inavutira kuno kunyanja.

Za liwombo: kugunda kwake n'kwachibadwa, limatsekeka lokha mwana akamakula, nthawi zambiri asanakwane zaka 2. Koma likalowa m'kati, makamaka mwana akutsekula kapena kusanza, ndiye kuti madzi atha m'thupi. Pamenepo si popaka mankhwala, thamangirani kuchipatala.

Njira imene ndaona ikugwira ntchito ndi iyi: tsiku la sikelo musapite nokha, atengeni mayi. Muwaberekese mwanayo iwowo, agwire buku la kusikelo, akhale kutsogolo pa nthawi ya maphunziro. Zimene akukana kumva kwa inu, akazimva kwa mlangizi wa zaumoyo pamaso pa agogo anzawo amazitenga ngati zawo. Mpata ulipo posachedwa, chifukwa akakwana miyezi 5 ayamba katemera wa malungo. Mangochi ndi limodzi mwa maboma omwe anayambira katemerayu mu 2019. Amalandira pa miyezi 5, 6 ndi 7, womaliza pa miyezi 22, ndipo womalizayo ndi amene ambiri amaiwala. Neti musasiye ngakhale kutenthe bwanji, katemera yekha sateteza kotheratu.

Anganga a Shakira:
Ana inu, ndiloleni ndiyankhuleko ine amene ndili mbali ya agogo. Foni andigwirira ndi mdzukulu wanga. Zoona, ife tinakulerani ndi dawale. Koma tinaikanso ana ambiri m'manda, zimenezo sitimakonda kuzinena. Ndiye a namwino akunena zoona, sindiwatsutsa.

Koma Make Tadala, mayi ako usawaone ngati adani. Iwe unachoka uli mtsikana, unakakhala ku tauni zaka zonsezi, unkabwera pa Khirisimasi n'kubwerera. Iwo sanakuone ukukula kukhala mayi wapanyumba. M'maso mwawo wabwera mwana wawo atanyamula khanda, ndiye akuti ndimuthandize asaligwetse. Komanso mwambo wathu kuno ukuudziwa. Ana ndi a kuchikazi, mwini mbumba ndi malume, mwamuna ndi mkamwini. Ukakhala pafupi ndi mayi ako, nyumba yako anthu amaiona ngati khomo lina la mudzi womwewo, ngakhale lendi mukulipira nokha. Amene akubwera kudzadyawo sakuona kuti akulakwa.

Usawadzudzule pagulu, makamaka pamaso pa mkamwini wawo, adzasunga chakukhosi mpaka kale. Pita kwawo iweyo, nthawi yamadzulo, utenge kashuga. Uwauze kuti amayi, kusambitsa mwana ndi kumusisita ndasiyira inu poti ine sinditha ngati inu, koma zolowa m'kamwa mwake akuchipatala andiletsa. Munthu wamkulu ukamulanda ntchito yonse amalimbana nawe. Ukam'patsa yake amaisamala.

Mayi a Yankho:
Anganga mwalasa. Ine apongozi anga ndinawasiyira Yankho wamkuluyo kuti azimuperekeza ku sukulu ya mkombaphala, ndipo mpaka lero salola wina kumutenga.

Make Ishmael:
Za mwana zamveka, ine ndikufuna za ufa. Abambo ali ku Johannesburg, amatumiza mwezi ukatha, ndiye ine kuwerengera ndinaphunzira mokakamizika. Abale akangodziwa kuti nyumba iyi moto umayaka katatu patsiku, basi mwasanduka resitilanti. Ine ndinachita chonchi: chimanga ndimagula nthawi yokolola chikatsika mtengo, ndimathira mankhwala, matumba ena ndimasungitsa kwa mnzanga wa kumpingo. M'nyumba mumakhala thumba limodzi, aliyense aziliona likutsika. Shuga ndi mafuta zimakhala kuchipinda, kukhitchini ndimatulutsa za tsikulo. Ndipo wobwera nthawi ya nkhomaliro ndimam'patsa ntchito osachita manyazi: uyu akatunge madzi, uyu apale nsomba, uyu akagayitse. Ena anasiya okha kubwera.

Abiti Saidi:
Ayi Make Ishmael, zobisa chakudya kuchipinda ndi zamanyazi. Mawa mwana akadwala adzakunyamulire ndani? Maliro akakugwera adzakuphikire ndani? Ndi omwewo ukuwabisira shugawo. Ife kuno mlendo sitimufunsa kuti wadya.

Make Ishmael:
Mlendo inde. Koma wobwera Lolemba mpaka Lamulungu ndi mlendo? Chichokereni kugwa kwa kwacha kwa Novembala 2023 kuja, zinthu sizinabwererenso pamtengo wakale. Malipiro a munthu mmodzi sangadyetse mudzi.

Nangondo:
Nonse muli ndi mfundo. Koma Make Tadala, muziwerengera mbali zonse. Nsomba za amalume mukanagula zingati pamsika? Wantchito ku Limbe munkamulipira zingati, kuphatikiza chakudya chake? Achemwali akutengera Tadala ulere. Mwina mukalemba mupeza kuti ufawo ndi malipiro a zonsezo. Mwinanso mupeza kuti mukuluza. Inu ndinu munthu wa malisiti, lembani mwezi umodzi muone, kenako mukambirane ndi bambo muli ndi pepala m'manja, osati misozi yokha.

China, poti ine ndimagwira mu ofesi yoona za antchito. Lamulo la ntchito la 2000 limati mayi apatsidwe tchuthi cha uchembere chosachepera masabata 8 akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka 3 zilizonse. N'chifukwa chake ambiri m'makampani amabwerera mwana ali wakhanda choncho, ena n'kusiya ngati inu. Mu 2021 anawonjezera kuti abambo nawo azipatsidwa masabata 2, koma amuna ambiri sadziwa, ena amadziwa koma amaopa kusekedwa. Chachikulu kwa inu pano: ngati ankakudulani ya penshoni, ndalama imeneyo ndi yanu, sinathe chifukwa mwasiya ntchito. Lamulo limati wolembedwa ntchito azipereka 5 peresenti, bwana 10 peresenti. Funsani kampani yomwe imasunga penshoniyo ikupatseni sitetimenti, muone ngati ankaperekadi miyezi yonse. Kalata yosonyeza kuti munagwirako ntchito itengeninso panopa akukukumbukirani, idzafunika.

Make Tadala:
Nangondo zikomo, ankadula ndithu. Ndiimba mawa.

Make Fatsani:
Pepani amayi, ndine bambo ake a Fatsani, foni ndi ya mayi. Anandiwerengera nkhaniyi ndiye ndalephera kupirira. Inu mukuganiza kuti bambo a Tadala ali pamtendere? Ine ndine wa ku Ntcheu, ndinakwatira kwa Chimwala. Ukaweruka kuntchito thukuta lili kamukamu, ukufuna uvule malaya ukhale pakhonde, ukupeza apongozi akhala pomwepo akusenda nandolo. Umangopereka moni uli chapatali, n'kukalowa kuchipinda kotentha ngati uvuni, kudikira kuti apite. Sungadandaule, ukadandaula akuti mkamwini wodzikuza. Ndiye mumufunseko mwamunayo mmene akumvera. Mwina nayenso akulirira kwina.

Za ndalama, ife amuna zopemphedwa tsiku ndi tsiku zimatitopetsanso. Ife tinagwirizana kuti ndikalandira, ya pakhomo ndimatumiza yonse pa Mpamba ya mayi tsiku lomwelo, kuphatikiza yawo yapadera yomwe sindifunsa kuti yapita kuti. Chiyambireni sitinakanganepo za sopo.

Nambewe (woyang'anira gulu):
Bambo a Fatsani, gulu lino ndi la amayi. Tikusiyirani uthengawu chifukwa uli ndi nzeru, koma bwezani foni kwa eni ake.

Make Ishmael:
Kkkkk asiyeni, ayankhulira amuna onse a chikamwini.

Mayi a Yankho:
Mfundo ya ndalama yapaderayo ndi yaikulu kuposa mmene ikuonekera. Vuto si kuchuluka kwake. Vuto ndi kuima pakhomo la chipinda m'mawa munthu akumanga nsapato, iwe n'kumayamba kuti, "Paja mafuta odzola atha." Munthu woti unazolowera kugula wekha, zimakuchepetsa. Ndipo musamaione ngati mphatso. Mukuchapa, mukuphika, mukulera ana awiri, usiku mukudzuka. Ntchito imeneyo ku Limbe munkalipira munthu.

Nachisale:
Ndibwererenso pa zolira kubafa zija, zisakwiririke ndi nkhani ya ufa. Kulira ndi kukhumudwa masiku oyambirira munthu atangochira zimachitikira amayi ambiri ndipo zimatha zokha. Koma zikapitirira masabata 2, tulo osabwera ngakhale mwana wagona, chakudya osachifuna, zinthu zimene unkakonda osakusangalatsanso, kapena kumadziona ngati mayi wolephera, amenewo akhoza kukhala matenda a maganizo obwera pambuyo pobereka. Ndi matenda ngati ena onse, si ulesi, si kusayamika, si kulodzedwa, ndipo amachizika. Mukapita kusikelo muuzeni namwino pambali. Ngati maganizo odzipweteka kapena kupweteka mwana atabwera, musadikire tsiku la sikelo, pitani tsiku lomwelo ndipo muuze munthu amene mumamukhulupirira. Sindikunena kuti ndi zimene muli nazo, ndikungofuna mudziyang'anire.

Make Tadala:
Kudya ndikudya, kugona ndimagona mwana akalola. Kungoti ndimadziona ngati ndazimiririka. Koma ndamva, ndikawauza.

Nasibeko:
Yambani kabizinesi amayi, maganizo amachoka. Kuno malambe ndi osasowa, pangani mafilizi muzigulitsa kwa ana asukulu, ndi kutentha kuno amatha msanga. Kapena zitumbuwa, kapena thobwa. Mwezi wa Ramadan madzulo zophikaphika zimayenda kwambiri. Mukalowenso banki mkhonde.

Make Ishmael:
Mafilizi ndinayesapo ine. Magetsi akazima tsiku lonse mumamwa nokha ndi ana. Komanso ndi anthu 8 pakhomo, theka lithera kulawa.

Mayi a Yankho:
Komanso tisamathamangire kumuuza munthu wa khanda la miyezi 4 kuti ayambe geni. Nthawi zonse mayi akati ndatopa, yankho lathu ndi kumuwonjezera ntchito ina. Akhoza kungofuna maola awiri okhala yekha. Make Tadala, poti manja alipo ambiri pakhomopo, agwiritseni ntchito. Sankhani tsiku limodzi pa sabata, muyamwitse mwana akhute, mumusiyire mayi, mukwere kabaza mupite ku boma. Mukayende pa mlatho wa Bakili Muluzi muone Shire, mukakhale pa chipilala cha wotchi paja, ngakhale kulowa ku museum komwe ambiri obadwira konkuno sanalowemo. Musapite kukagula kanthu, mukangopita kukagula mwabwerera ku ntchito ya pakhomo. Ine ku Namwera ndinalowa kwaya chifukwa chomwecho, mawu ndilibe.

Abiti Saidi:
Zoyenda pa mlatho popanda chochita ine sindizimvetsa, anthu adzati wasokonekera. Koma pali china chimene ndaona. Mwati munkawerengera katundu ku Limbe? Ife tili ndi gulu la amayi ogula usipa ndi utaka, timayanika pa thandala, ena amatumiza ku Limbe ndi ku Lilongwe. Tili ndi banki mkhonde yathu. Vuto lathu ndi kope. Amene ankalemba anakwatiwa ku Monkey Bay, panopa aliyense amakumbukira zake, ndipo pogawana chaka chatha anthu anatsala pang'ono kumenyana. Wina akuti ndinabweza, wina akuti sunabweze, chiwongoladzanja palibe akudziwa kuwerengera. Kumapeto kwa chaka nyanja amatseka kwa makoka ena kuti nsomba ziswane, bizinesi imachepa, ndiye ndi nthawi yabwino yokonza mabuku tisanagawane. Timakumana kamodzi pa sabata, mwana mukhoza kubwera naye kumsana, tonse ndife amayi. Sitilipira zambiri koma sitigwiritsa munthu ntchito yaulere.

Make Ishmael:
Abiti Saidi omwe aja amati pukutani misozi, lero akulemba anthu ntchito kkkk.

Abiti Saidi:
Misozi apukutebe. Kope silifuna kunyowa.

Anganga a Shakira:
Ukapita kumeneko uwauze mayi ako kuti ukukathandiza gulu la amayi, adzanyadira. Koma mwana usakamusambitse m'nyanja kapena kumusiya Tadala azisewera m'madzi osayenda a m'mbali, likodzo ndi lambiri.

Make Tadala:
Amayi, ndabweranso kudzakuuzani mmene zayendera. Kusikelo tinapita ndi mayi. Anavala chitenje chawo chatsopano, anabereka mwana okha, ine ndinangonyamula chikwama. Mlangizi atanena za madzi, mayi anaimika dzanja n'kufunsa kuti nanga kukatentha chonchi mwana asafe ndi ludzu? Anthu anaseka, koma mlangiziyo anawayankha bwinobwino, ndipo agogo ena awiri anawonjezera mafunso awo. Pobwerera sananene kanthu. Madzulo ndinawamva akuuza azakhali kuti dawale adikire kaye, "madokotala a masiku ano akuti miyezi 6." Kasupuni kaja sindinakaonenso, ngakhale sindingalumbire za nthawi imene ndili kubafa. Za paliwombo akuti zimenezo sasiya, poti sizilowa m'kamwa. Nachisale, pamenepa nditani?

Namwino ndinayankhula naye, wati ndibwerenso tikaonane mwezi wamawa. Bambo a Tadala nditawafunsa mmene akumvera anaseka nthawi yaitali, kenako anati akhala akuchedwa dala kuntchito kuti apeze anthu atapita. Za ndalama tagwirizana, ayamba mwezi uno. Ufa wokha ukuthabe ngati kale, ndipo amalume atumiza mwana wawo kuti azikhala nafe poti sukulu yake ili pafupi ndi kwathu. Sanatifunse.

Nachisale:
Ngati sakucheka khungu ndipo palibe chilonda, limbanani ndi zazikulu kaye, koma muzimutsuka bwino ndipo zisafike m'maso kapena m'kamwa. Zotema mphini zokha mukane ndithu. Ndipo muziliona liwombolo tsiku lililonse, zopakazo zisakubisireni ngati lalowa kapena latupa.

Make Ishmael:
Za mwana wa amalumezo, muwauze lero lomwe kuti azibwera ndi thumba la chimanga pa teremu. Mukachedwa sabata imodzi basi chakhala chizolowezi.

Anganga a Shakira:
Asanene yekha kwa malume ake. Adzere kwa mayi ake, iwo ndi amene angauze mlongo wawo.

Abiti Saidi:
Make Tadala, Lachitatu 2 koloko masana. Ndikutumizirani kumbali nambala ya wakabaza wathu, amadziwa malo. Mubwere ndi kope latsopano ndi cholembera chofiira, ndalama yake tikubwezerani. Lathu lija mbuzi inadya masamba a mwezi wa Juni.